Nyanja ndi yathu, koma nkhondo simanga mudzi

Nkhani ya malire a nyanja ya Malawi ili ngati moto wa mankhusu. Pamwamba pamaoneka phulusa lokhalokha, koma pansi ukunyeka. Zimatha zaka anthu osaitchula, kenaka tsiku lina wandale wina ku Dodoma kapena ku Lilongwe amangoti yankhulu, basi dziko lonse lili m'mwamba. Pamabawo, m'mamini basi, ngakhale pamaliro, mumamva anyamata akuti tikawaonetse aTanzania kuti ifenso ndife amuna.

Ine ndikulemba ngati munthu wa kumtunda, wa kuno ku Lilongwe ya kumudzi. Ambiri mwa ife a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma nyanjayo sitinaiponde n'komwe. Timaidziwira pa usipa ndi utaka wouma umene timagula pa tsiku la msika. Ndiye ena angafunse kuti mlimi wa fodya ndi mtedza zikumukhudza chiyani za zilumba ndi madzi omwe ali kutali. Ine ndikuti zikumukhudza kwambiri, chifukwa tsiku lomwe mfuti idzalire kunyanjako, amene adzalipire ndi iyeyo. Adzapereka mwana wake, ndipo adzalipiranso pa thumba la feteleza.

Poyamba tione nkhondo imene ena anamenyanirana zilumba, kuti tidziwe chimene tikuchiitana tikamatchula nkhondo mwachibwana.

Kunyanja yamchere ya Atlantic, cha kummwera kwenikweni, kuli zilumba zimene Angerezi amazitcha Falkland pomwe anthu a ku Argentina amati Malvinas. Zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Argentina, koma kuchokera ku Britain ndi makilomita pafupifupi 13,000. Angerezi akhala akuzilamulira kuyambira mu 1833, ndipo Argentina sinasiye kunena kuti inalandidwa. Mu 1982 pazilumbapo pamakhala anthu pafupifupi 1,800 okha, ambiri mwa iwo oweta nkhosa. Tinene kuti ndi anthu a midzi ingapo chabe ya kwa Kabudula.

Chaka chimenecho dziko la Argentina limalamulidwa ndi asilikali, mtsogoleri wawo ali General Leopoldo Galtieri. Chuma chinali chitalowa pansi, mitengo ya zinthu ikukwera tsiku ndi tsiku, ndipo anthu zikwizikwi otsutsa boma anali atasowetsedwa. Pa 30 Malichi 1982 anthu apantchito anachita zionetsero zazikulu mumzinda wa Buenos Aires. Patangotha masiku atatu, pa 2 Epulo, Galtieri anatumiza asilikali kukalanda zilumba zija. Khamu la anthu linadzaza bwalo la mumzinda womwewo kumuombera m'manja. Njala anaiiwala kaye.

Mayi Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain, anatumiza sitima zankhondo. Pa 2 Meyi sitima ya Angerezi yoyenda pansi pa madzi inamiza sitima ya Argentina yotchedwa General Belgrano, ndipo anthu 323 anafera m'madzi ozizira tsiku limodzi. Nkhondo inatenga masiku 74 mpaka pomwe asilikali a Argentina anagonja pa 14 Juni. Anafa ndi asilikali 649 a Argentina, 255 a Britain ndi amayi atatu a pazilumba pomwepo. Mukawerengetsa bwino, pa anthu awiri aliwonse okhala pazilumbazo panafa munthu mmodzi. Ambiri mwa asilikali a Argentina anali anyamata a zaka 18 kapena 19, ongotengedwa mokakamiza, osaphunzira bwino za nkhondo, ovutika ndi njala ndi chisanu m'maenje.

Nanga mlandu unatha? Ayi ndithu. Galtieri anachotsedwa pampando patangopita masiku ochepa. Mayi Thatcher anapambana chisankho cha 1983. Mu 1994 Argentina inalemba m'malamulo ake aakulu kuti zilumbazo ndi zake. Mu 2013 eni zilumba anachita riferendamu, ndipo anthu atatu okha ndiwo anakana kukhala pansi pa Britain. Mpaka lero maiko awiriwa akukokanabe. Anthu oposa 900 anapita kuli chete, koma mlandu uli pomwe unali.

Tsono tibwere kwathu kuno. Chodabwitsa n'chakuti malire a nyanja yathu anabadwira pa malonda a chilumba china cha ku Ulaya. Pa 1 Julaye 1890 Britain ndi Germany anasainirana pangano limene limatchedwa la Heligoland ndi Zanzibar. Angerezi anapereka kachilumba ka Heligoland kwa Ajeremani, ndipo Ajeremani anavomera kuti Zanzibar ikhale m'manja mwa Angerezi. M'pangano lomwelo analembamo malire a madera awo mu Africa muno. Pa za nyanja yathu analemba kuti malire a dera la Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, akutsata gombe la kummawa ndi kumpoto kwa nyanja mpaka pomwe mtsinje wa Songwe ukuthira. Kutanthauza kuti mtunda ndi wa Tanzania, madzi ndi a Malawi.

Palibe mfumu ya Chinyakyusa, ya Chitonga, ya Chinkhonde kapena ya Chinyanja imene inafunsidwa. Ife Achewa a kumadzulo kwa Lilongwe timazidziwa bwino zimenezi. Mukakwera galimoto pa Namitete kulowera ku Mchinji, posakhalitsa mufika pachipata cha Mwami pomwe akufunsani chiphaso kuti mukaone abale anu. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, pomwe anthu ake ali ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Malire a azungu anadula mitundu pakati ngati mpeni pa dzungu. Sindikuwayamikira ayi.

Komatu atsogoleri a Africa atakumana ku Cairo mu 1964 pansi pa bungwe la OAU, anagwirizana kuti dziko lililonse lilemekeze malire amene linawapeza pa tsiku lolandira ufulu. Anadziwa kuti akati ayambe kukonza malire onse okhota, Africa yense asanduka bwalo la nkhondo. Amene anabweretsa ganizo limeneli pamsonkhanowo anali Mwalimu Julius Nyerere wa ku Tanganyika. Ndipo Nyerere yemweyo mu 1960, dziko lake lisanalandire ufulu, anavomera m'nyumba ya malamulo kuti malinga ndi pangano lija madzi a nyanjayi sali m'dziko la Tanganyika. Mu 1967 ndi pomwe boma la Tanzania linalembera Malawi kuti ilo likuona kuti malire ali pakati pa nyanja.

Apa n'chifukwa chake ine ndikunena mosapsatira kuti nyanja ndi yathu. Sindikunena chifukwa chokonda dziko langa chabe. Pepala lilipo, ndipo palibe pepala lina limene linalifafaniza.

Komabe tisakhale ngati munthu womva mbali imodzi pabwalo. ATanzania nawo ali ndi mfundo zawo. Iwo akuti pa dziko lapansi nyanja zambiri zimene zili pakati pa maiko awiri amagawana pakati, monga momwe iwo amagawanira nyanja ya Tanganyika ndi Congo. Akutinso mapu ena amene Angerezi anajambula nthawi yomwe ankalamulira maiko onse awiri amaonetsa mzere pakati pa madzi. Ndipo amaloza ku Mozambique, amvekere: nanga bwanji uko munagawana pakati?

Funso lomalizali yankho lake ndi losavuta. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linaikanso malire pagombe. Koma mu 1954 maiko awiriwo anakhala pansi n'kusainirana pangano latsopano losuntha malire kupita pakati pa nyanja. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu anazisiya m'manja mwa Nyasaland, ndipo n'chifukwa chake lero zili za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Malire anasuntha chifukwa eni ake anagwirizana n'kulemba. Kumpoto kuja pangano lotere silinachitike. Munda sasuntha malire chifukwa choti mnansi wajambula pansi ndi ndodo.

Nafenso tisadziyese oyera. Mu 1968 Dr. Kamuzu Banda anayankhula poyera kuti madera ena a kummwera kwa Tanzania, ngakhalenso a kummawa kwa Zambia, ndi a Malawi kuyambira kale. Mawu amenewo anatentha mitima ya anansi athu, ndipo anafooketsa mfundo yathu yomwe. Sungauze mnzako kuti alemekeze malire a 1890 pamadzi pomwe iwe ukukana malire omwewo pamtunda. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Nkhaniyi inagona zaka zambiri mpaka pomwe kunamveka fungo la mafuta. Mu 2011 boma la Bingu wa Mutharika linapereka chilolezo ku kampani ya ku Britain yotchedwa Surestream kuti ifufuze mafuta pansi pa nyanja cha kumpoto. Mu 2012, Mayi Joyce Banda ali pampando, Tanzania inati kufufuzako kuime. Andale ena a ku Tanzania anayamba kutchula za asilikali, kunonso ena anayankha ndi mtima wapachala, ndipo anthu a ku Karonga anagona ndi mantha. Mlandu unaperekedwa kwa atsogoleri opuma a m'chigawo chino, a Joaquim Chissano a ku Mozambique, a Thabo Mbeki a ku South Africa ndi a Festus Mogae a ku Botswana. Zokambirana zinaima mu 2014 popanda chogwirika. Chichokereni apo maboma asinthana kuno kwathu, koma mlandu uli chigonere. Ndipo mafuta amene tinatsala pang'ono kukanganirana aja, mpaka lero palibe ngakhale botolo limodzi limene latuluka.

Tsono inu amene mumatchula nkhondo pabawo, tiyeni tiwerengetse limodzi monga momwe timachitira tikagulitsa fodya.

Choyamba, nyanjayi inaionapo kale nkhondo. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mwezi wotsatira kunachitika nkhondo ya ku Karonga. Makolo athu anaitcha nkhondo ya chiwaya. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anagwidwa kukakhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali maulendo ataliatali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Sanatengedwe a kunyanja okha ayi. Mafumu a kumtunda nawonso analamulidwa kupereka anthu. M'busa John Chilembwe anadandaula kuti bwanji amphawi akufera nkhondo ya eni chuma, ndipo mu Januwale 1915 anaukira. Funso lake lija silinakalambe.

Chachiwiri, tidzione msinkhu. Kalembera wa 2022 anapeza kuti Tanzania ili ndi anthu oposa 61 miliyoni, pomwe wathu wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Idi Amin wa ku Uganda atalanda dera la Kagera mu 1978, asilikali a Tanzania sanangomubweza pamalire. Anamuthamangitsa mpaka ku Kampala mu Epulo 1979. Sindikunyoza asilikali athu, amene agwira ntchito yotamandika yosungitsa mtendere ku Congo. Koma amene angakhale kutsogolo pa nkhondo yotere ndi ana a alimi, anyamata amene analowa usilikali chifukwa ntchito zinasowa. Maliro ake sadzachitikira ku Area 10 kapena ku Area 43. Adzachitikira kwa Kalolo ndi kwa Kabudula.

Chachitatu, dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere. Mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ndi katundu wambiri amadzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Achikulire akukumbukira momwe zinalili m'zaka za m'ma 1980 pomwe nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, ndipo katundu ankazungulira mpaka ku Durban pa mtengo woboola m'thumba. Nthawi imeneyo njira yodzera ku Mbeya ndi Dar es Salaam ndiyo tinaithamangira. Ndipo mu Epulo 2025, maiko awiriwa atasemphana pa za malonda a mbewu, Tanzania inaletsa zokolola za ku Malawi kulowa m'dziko mwake kwa masiku ochepa chabe, n'kuopseza kuti feteleza sadutsa. Amalonda a pa Songwe analira nthochi ndi tomato zikuola. Amenewo anali masiku owerengeka, popanda chipolopolo ngakhale chimodzi. Nanga itakhala miyezi itatu, nthawi yake Novembala mvula itagwa, mlimi wa ku Nsaru adzathira chiyani m'chimanga? Walira mvula walira matope.

Ndiye tichite chiyani, tingokhala chete nyanja izipita? Ayi. Njira ilipo, ndipo anzathu anaidutsa kale.

Botswana ndi Namibia anakanganirana kachilumba ka mumtsinje wa Chobe, komwe ena amakatcha Kasikili ena Sedudu. Asilikali anafika poyang'anizana. Koma mu 1996 anagwirizana zotengera mlandu ku khoti la maiko onse ku The Hague, ndipo mu Disembala 1999 khoti linagamula kuti chilumba ndi cha Botswana. Chofunika kudziwa n'chakuti pogamula mlanduwo oweruza anatsegula pangano lomwe lija la 1890, lomwenso ife tikuligwiritsa. Ndipo ananenanso kuti mabwato a maiko onse awiri aziyenda momasuka m'madzi ozungulira chilumbacho. Namibia inaluza koma inavomera. Palibe mayi amene anavala zakuda.

Nigeria ndi Cameroon anaphana pang'ono polimbirana dera la Bakassi, komwenso kumamveka fungo la mafuta. Mu 2002 khoti lomwelo linapereka deralo kwa Cameroon potsata pangano la Britain ndi Germany la 1913, ngakhale anthu ambiri okhala kumeneko ankadziona kuti ndi a ku Nigeria. Dziko la Nigeria, ndi mphamvu zake zonse, linachotsa asilikali n'kupereka deralo kwathunthu mu 2008. Milandu iwiriyi ikutiuza kuti oweruza a ku The Hague amalemekeza mapangano olembedwa. Munthu amene ali ndi mboni yotere amathamangira kubwalo, sathamangira chikwanje.

Vuto lilipo ndi lakuti khotilo silikoka dziko pakhosi. Tanzania sinavomere kuti izitengeredwa kumeneko popanda chilolezo chake, choncho pafunika kuti maiko onse awiri asainirane kaye kuti apite limodzi, monga anachitira Botswana ndi Namibia. Imeneyo ndiyo ntchito imene unduna wa zakunja uyenera kuigwira usana ndi usiku, mwakachetechete koma mosatopa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo tikapita kumeneko tipite tikudziwa kuti bwalo ndi bwalo, chigamulo chake tidzachilandira ngakhale chitatiwawa pena.

Chinanso, tisiyanitse umwini wa nyanja ndi kumwa madzi ake. Kwathu kuno chitsime chikhoza kukhala m'dimba la munthu, aliyense n'kumadziwa mwini wake, koma palibe amene amaletsa mnansi kutunga. Amene angatero mudzi wonse umamuona ngati mfiti. Msodzi wa ku Mbamba Bay, ku Manda kapena ku Liuli anabadwira pagombe limenelo, makolo ake ankawedza momwemo azungu asanabwere. Kumuuza kuti akangoviika phazi m'madzi walowa m'dziko la eni ndi nkhanza zopanda nzeru, ndiponso ndi zimene zimapatsa mphamvu andale aukali a kwawo. Tiyeni tinene poyera kuti ufulu wawo wosodza, kumwa ndi kuyenda pamadzi tidzaulemba m'pangano. Tikhalenso pansi maiko onse atatu pa za kuteteza nsomba, chifukwa chambo sichidziwa malire, ndipo chikutha ife tikukangana. Mafuta atatayika m'nyanja imeneyi, yomwe ili ndi mtsinje umodzi wokha wa Shire wotulutsa madzi, adzaononga gombe la aliyense. Magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amene amayendetsa zigayo za pa Mpingu ndi pa Namitete, amadaliranso madzi omwewo.

Pomaliza ndinene za Likoma ndi Chizumulu. Palibe dziko limene likulimbirana nafe zilumbazi lero, ndipo tithokoze. Koma phunziro la ku Falkland ndi lakuti chimene chimagwira chilumba ndi mtima wa anthu okhalapo. Likoma ili pa mtunda wosafika makilomita 10 kuchokera kugombe la Mozambique, pomwe kukafika ku Nkhata Bay ndi ulendo wa maola ambiri pamadzi. Amishoni a UMCA anakhazikika pamenepo m'zaka za m'ma 1880 n'kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter, ndipo sukulu zawo zinatulutsa aphunzitsi, azachipatala ndi akalaliki amene anatumikira dziko lonse lino. Anthu pafupifupi 14,500 amene kalembera wa 2018 anawapeza kumeneko ndi aMalawi ngati inu ndi ine. Koma sitima imene akhala akuidalira kwambiri zaka zonsezi ndi Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951, Kamuzu asanabwerere kumudzi. Ikangodwala nkhalambayi, thumba la chimanga ndi la simenti zimakwera mtengo pachilumba. Kodi tingamaimbe kuti nyanja ndi yathu pomwe tikulephera kuikapo sitima zokwanira zonyamula anthu athu omwe? Munda umene suulima, anthu amayamba kudutsamo njira.

Pempho langa likupita kwa aphungu athu a kuno kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe. Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya aphungu a ku Karonga, Rumphi, Nkhata Bay ndi Likoma okha. Imirirani m'nyumba ya malamulo mufunse kuti zokambirana zija zinaima mu 2014 zili pati, ndani akuziyendetsa, ndipo boma likuchitapo chiyani kuti mlanduwu ukafike kubwalo. Mlandu suola, ndipo kuusiyira ana athu ndi kuwasiyira ngongole.

Kwa ife anthu wamba, tikhale tcheru. Tsiku limene mudzamve mtsogoleri, wa kuno kapena wa kutsidya, akukweza mawu pa za nyanja pomwe shuga wasowa, mafuta kulibe ndipo chisankho chayandikira, mudzakumbukire Galtieri ndi anyamata ake 649. Mudzamufunse kuti kodi mwana wake adzakhala m'bwato loyamba. Akadzayamba kukanda m'mutu, mudzamuuze atenge mapepala a 1890 apite nawo kubwalo la milandu, ife atisiye tilime.